Za Kulemba Zimene Mphunzitsi Anena

Mlimi wa ku Dambe akapuntha tirigu samsiya pabwalo, koma amamthira m'matumba. Momwemonso mwana wa sukulu: chimene wamva ndi khutu achisunge m'kope. Pakuti m'chaka cha 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu aiwala msanga zimene waphunzira, makamaka pa tsiku loyamba lomwelo.

Tsono mwana achite motere. Poyamba, alembe tsiku ndi mutu wa phunziro. Kachiwiri, asathamangire mawu onse a mphunzitsi, koma atole mfundo zazikulu, maina ndi zaka, nazilembe m'mawu akeake. Kachitatu, asiye mpata kumanzere kwa tsamba, monga anaphunzitsira Walter Pauk wa ku Cornell. Madzulo alembemo mafunso, aphimbe mayankho ndi dzanja, nadziyese yekha. Pamene sanamvetse akafunse m'mawa mwake, pakuti safunsa anadya phula.

Inu makolo a ku Neno, kumene ana kawirikawiri agawana buku limodzi, dziwani kuti kope ndilo buku la mwana wanu. Liyang'aneni Loweruka lililonse. Musadikire mayeso a Sitandade 8, madzi atafika kale m'khosi.