Phunziro: Mfuu ya m'matumbo ndi zipsera zomwe imasiya

Achinyamata anzathu, tikamva za chitetezo cha m'thupi ambirife timaganiza za magazi. Koma asilikali ambiri a m'thupi amakhala m'matumbo, poti ndimo mumadutsa zakudya ndi madzi, pamodzi ndi tizirombo tomwe tabisalamo. Lero tiona momwe asilikaliwa amaitanirana, komanso chifukwa chake matenda okhalitsa amasiya zipsera m'matumbo.

Mfuu yoyamba

Mkati mwa matumbo muli khoma lopyapyala, la mzere umodzi wokha wa maselo. Mabakiteriya monga Salmonella, kapena Shigella yemwe amayambitsa kamwazi, akaboola khomali, maselo a pamalopo amatulutsa timankhwala totchedwa ma cytokine. Timankhwalati ndi mauthenga, ngati mfuu ya m'mudzi fisi akalowa m'khola. Uthenga wotchedwa IL-8 umaitana maselo oyera a m'magazi kuti athamangireko. TNF ndi IL-1 amatupitsa malowo ndi kutenthetsa thupi. IL-17 ndi IL-22 amalimbitsa khomalo. Choncho kupweteka m'mimba ndi kutentha thupi ndi zizindikiro zakuti nkhondo ili mkati.

Tizirombo tikagonja, pamamveka mauthenga ena. IL-10 amaziziritsa nkhondoyo, pomwe TGF-beta amauza maselo omanga kuti asoke balalo ndi ulusi wolimba wotchedwa collagen, womwe umapanganso chipsera pakhungu. Nthawi zambiri matenda otsekula m'mimba amathera pamenepa, matumbo n'kubwerera mwakale.

Mfuu ikapanda kutha

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tizirombo tikakhalitsa, mfuu siileka, ndipo omanga aja samapuma. Ulusi umaunjikana, khoma limakhuthala ndi kuuma, njira ya chakudya n'kuchepa. M'chaka cha 2008, akatswiri a pa University of British Columbia ku Canada anaonetsa zimenezi pa mbewa zomwe zinakhala ndi Salmonella m'matumbo kwa milungu ingapo.

Kwa anthu, izi zimaoneka kwambiri pa TB ya m'matumbo, yomwe imakonda kugwira pomwe matumbo aang'ono amakumanira ndi aakulu. Wodwala amawonda, amamva kupotokola akangodya, ndipo njira ikatsekeka amasanza. Mankhwala amapha tizirombo, koma sachotsa chipsera chomwe chauma kale. N'chifukwa chake ena amafunika opaleshoni.

Nanga kachirombo ka HIV?

M'milungu yoyambirira munthu atangotenga HIV, kachiromboka kamapha ma CD4 ambiri a m'matumbo, makamaka omwe amatulutsa IL-17. Khoma lija limafooka, ndipo tizidutswa ta mabakiteriya timalowerera m'magazi, monga kafukufuku wa mu 2006 anaonetsera. Zikatero thupi limangokhalira kukuwa usana ndi usiku. Collagen amadzaza malo omwe ma CD4 amakhala, ndipo maselowa amavutika kuchulukanso. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsanso kuti Salmonella amakonda kufalikira m'magazi mwa anthu omwe ma CD4 awo atsika kwambiri.

Ichi ndi chifukwa china choyambira ma ARV msanga, zipsera zisanachuluke. Kuyambira mu 2016, m'Malawi muno aliyense wopezeka ndi HIV amayamba mankhwalawa mosadikira kuti ma CD4 atsike.

Tichite chiyani?

1. Tisambe m'manja ndi sopo tikachoka kuchimbudzi komanso tisanadye.
2. Timwe madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo nyama ndi mazira zipse bwino.
3. Tikatsekula m'mimba timwe Thanzi ORS. Tikaona magazi m'chimbudzi, thupi likatentha kwambiri, kapena kutsekulako kukakana kuleka, tithamangire kuchipatala.
4. Tisagule maantibayotiki pamsika. Omwe talandira kuchipatala timwe monga atiuzira, ndipo a TB timalize miyezi yonse.
5. Tikayezetse magazi. Amene tili pa ma ARV ndi Bactrim tisadumphitse tsiku.

Mafunso okambirana pa kalabu

Kodi kutupa n'kwabwino kapena n'koipa? Fotokozani.
N'chifukwa chiyani munthu wochira TB ya m'matumbo angapitirize kuvutika m'mimba?
Mnzathu wakhala akutsekula m'mimba kwa mwezi wathunthu koma akuopa kukayezetsa. Tingamuuze chiyani?