Mitsempha yatsopano mu ubongo wa agogo

Anzanga, chaka chatha agogo anga aamuna anagwa pakhonde akuluka dengu. Pakamwa panapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja linangoti lende, mawu osamveka. Ena m'mudzi ankati aponda mankhwala, koma kuchipatala anati ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha BP. Ine funso langa linali limodzi basi: kodi adzagwiranso kapu okha? Ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga, ndiye nazi zomwe ndapeza.

Ubongo ndi magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umatenga pafupifupi magawo 20 pa 100 a okosijeni amene timagwiritsa ntchito. Sitiroko imachitika mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka ndi magazi oundana, kapena ukaphulika. Maselo a pakati penipeni pa malowo amafa m'mphindi zochepa ndipo sadzukanso. Koma a m'mbali mwake amangofooka, ali moyo.

Inu akudimba mukudziwa. Ngalande ikatsekeka, mbewu za pakati zimauma, za m'mphepete zimangofota. Mukakumba tingalande tina msanga, zofotazo zimatsitsimuka. Thupi nalo limakumba tingalande take, ndipo asayansi amati angiogenesis. Zimayenda motere:

1. Maselo osowa okosijeni amatulutsa puloteni yotchedwa VEGF, ngati mfuu yoitana thandizo.
2. Maselo a m'kati mwa khoma la mitsempha yapafupi amagawikana n'kuphuka ngati mizu, kulowera komwe kukuchokera mfuuyo.
3. Mphukirazo zimakumana, kulumikizana n'kukhala timapaipi, magazi n'kuyamba kudutsa.
4. Poyamba timitsemphati timadontha, zomwe zingatupitse ubongo. Timalimba pang'onopang'ono, ndipo tina timafota.

Ntchitoyi imayamba patangopita masiku ochepa ndipo imapitirira kwa masabata angapo. Mu 1994, Jerzy Krupinski ndi anzake anayeza ubongo wa anthu omwe anamwalira atadwala sitiroko. Anapeza kuti omwe anali ndi timitsempha tambiri m'mbali mwa bala anakhala nthawi yotalikirapo ali moyo. Mu 2019, William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza analandira mphoto ya Nobel chifukwa chotulukira momwe maselo amadziwira kuti okosijeni wachepa.

Koma musaganize kuti mitsempha yokha ingabwezeretse dzanja ayi. Iyo imangobweretsa chakudya ndi mpweya. Maselo otsalawo ayenera kuphunzira ntchito ya anzawo omwe anafa, ndipo amaphunzira pobwereza. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu yoyambirira, choncho wodwala asamangogonekedwa pamphasa tsiku lonse.

N'chifukwa chake belu likangolira ndimathamangira kunyumba, mpira ndinayamba ndausiya kaye. Ndimachita zomwe anatiphunzitsa a zafizo. Ndimayala nyemba pambale kuti agogo azitola imodziimodzi, kenako timayenda mpaka pamtengo wa mango n'kubwerera. Tsiku lina anakankha mbale ija, amvekere: "Iwe mwana, ndatopa nazo nyemba zakozi!" Ndinawayankha kuti, "Agogo, tolani zisanu zokha, tipume." Anatola zisanu ndi ziwiri. Pano amamwa phala m'kapu okha, ngakhale limatayika pang'ono. Dengu lija silinathebe, lili kudenga.

Chomaliza, mitsempha yatsopanoyi imachedwa, singapulumutse maselo omwe akufa lero. Mukaona munthu pakamwa papotoka, dzanja kapena mwendo wafooka mbali imodzi, kapena mawu akusokonekera mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche. Pezani njinga kapena galimoto, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Pa 29 Okutobala ndi tsiku lokumbukira sitiroko padziko lonse, koma musadikire tsikulo. Mukafika kunyumba lero, afunseni makolo kuti anayezetsa liti BP, ndiponso mchere uchepeko m'ndiwo.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 2