Kagulugufe kogwetsa manachesi osapsa

Anzanga, nachesi likagwa lisanapse timathamangira kunena kuti ndi mphepo. Koma nthawi zina wolakwa ndi kagulugufe kausiku kotchedwa false codling moth pa Chingerezi. Dzina lake la sayansi ndi Thaumatotibia leucotreta.

Kamaoneka bwanji?
N'kakang'ono zedi. Kakatambasula mapiko kamangokwana mamilimita 15 mpaka 20. Tayang'anani pa rula yanu muone kuchepa kwake! Mapiko akutsogolo ndi oderako, a mawangamawanga ngati khungwa la mtengo, ndipo akumbuyo ndi otuwa. N'chifukwa chake kakatera panthambi simungakaone msanga.

Kali m'banja la Tortricidae. Mbozi za abale ake ambiri zimapinda tsamba n'kulimanga ndi ulusi, n'kumadya zili m'kati. Koma mbozi ya aka imaboola chipatso. Ikakhala yaing'ono imakhala yoyera ya mutu wakuda, ikakula imafiirira.

Kamapezeka kuti?
Kwawo ndi kuno ku Africa, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo Malawi ali momwemo. Sikasankha: malalanje, manachesi, magwafa, tsabola, thonje ndi makadamiya, zonsezi kamawononga.

Kamauluka liti?
Usiku, masana kamabisala. Ndiye pali vuto lina: kalibe nyengo yopuma. Malinga ngati pali zipatso, kamaswana chaka chonse, ndipo kukamatentha kamakula msanga. Kakakazi kamaikira mazira pakhungu la chipatso. Mbozi ikaswa imalowa m'kati n'kumadya, chipatso n'kuyamba kuwola mpaka kugwa. Ikakhuta imatuluka, n'kupanga chikwa m'dothi, kenako n'kusanduka kagulugufe kena.

Ife zikutikhudza bwanji?
Chipatso chobooka palibe angagule pamsika, ndipo pakhomo pena ndalama ya fizi imachokera m'mitengo yomweyi. Komanso kuyambira 2018 mayiko a European Union anakaika pa mndandanda wa tizilombo toletsedwa kulowa kwawo, moti katundu wopezeka nako amakanidwa.

Tichitepo chiyani?
Apa sipafunika ndalama ayi. Sabata iliyonse tizitola zipatso zonse zogwa ndi zobooka n'kuzikwirira m'dzenje lakuya. Kungoziponya kudzala ndiye kuweta mdani, chifukwa mbozi ija ilowa m'dothi momwemo. Uzaninso oyandikana nawo nyumba, poti kagulugufe sikadziwa malire a munda.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2