Mulungu Sakalipira Wotopa

Akhristu anzanga, pa 1 Mafumu 19 timawerenga za mneneri Eliya. Atathawa Yezebele, adagona pansi pa kamtengo m'chipululu, napempha kuti angofa. Mulungu sadamukalipire. Adamuleka kuti agone, kenaka mngelo adamudzutsa kawiri kuti adye buledi ndi kumwa madzi. Chakudyacho chidamuyendetsa masiku 40 mpaka ku phiri la Horebu.

Enafe tabwera ku Misa lendi tisanalipire, fizi ya ana ikudikira, usiku tulo osabwera. Kutopa si tchimo ayi. Mavutowa mwina mawa tiwapeza ali pomwepo, koma Ukaristia ndiye kamba wa paulendo wathu. Mukalandira lero, musafulumire kutuluka. Khalani chete pang'ono, muwauze Ambuye chimene chikukulemerani.