Kapoperedwe ka Penti Yonyezimira ya Enamelo pa Tigalimoto Tapulasitiki

Mukalumikiza kagalimoto kapulasitiki ka Tamiya kapena Revell, anthu sayamba ndi kuona injini kapena mipando. Maso awo amafikira pa bodi. Penti ya enamelo yonyezimira ndiyo imapatsa bodi kuwala kozama, koma ili ndi makhalidwe awiri ofunika kuwadziwa musanatsegule chitini. Siibisa chilema chilichonse, ndipo imachedwa kuuma. Kunyezimira kwake kumachokera m'kukonza bwino pulasitiki ndi m'kudikira, osati m'kuchulutsa penti. Pano titenga chitsanzo cha bodi ya muyezo wa 1/24, imene sentimita imodzi imaimira masentimita 24 pa galimoto yeniyeni, ndipo tiipopera penti yofiira.

Zofunika kukhala nazo

Pezani airbrush (kachipangizo kopoperera penti) imene batani lake mukalitsindika limatulutsa mpweya, mukalikokera m'mbuyo limatulutsa penti. Kamphuno ka mamilimita 0.3 n'kokwanira. Za Iwata, Badger ndi Harder & Steenbeck n'zodziwika, komabe yotsika mtengo imagwira ntchito bwino ikamasamalidwa. Kompresa ikhale ndi geji ndi kasefa kogwira madzi. Ya thanki ndiyo yabwino chifukwa mpweya wake sudukizadukiza, ndipo magetsi akathima muli pakati pa ntchito mumatha kutsiriza mbali imene munayamba.

Penti ya Humbrol, kampani imene inayamba mu 1919 mumzinda wa Hull ku England, imabwera m'tizitini ta mamililita 14. Nambala 19 ndi yofiira yonyezimira, 21 ndi yakuda, 22 ndi yoyera. Pa mabotolo a Tamiya, chilembo X chimasonyeza yonyezimira pamene XF ndi yosanyezimira. Yosungunulira ikhale thina wa enamelo kapena tepentaini wa m'mahadiweya. Thinazi wa opopera magalimoto m'magalaja ndi waukali ndipo angathe kudya pulasitiki, choncho musiyeni. Mufunikanso pulayima, sandipepa wa m'madzi wa nambala 600, 1000 ndi 2000, masipuni apulasitiki oyesererapo, ndi masiki yokhala ndi masefa ogwira fungo la mankhwala. Masiki yansalu imaletsa fumbi lokha, nthunzi ya thina imangodutsa.

1. Konzani bodi

Yendetsani chikhadabo m'mbali mwa denga ndi pamwamba pa malo olowa matayala. Mumva timizere totukuka timene chikombole chinasiya kufakitale. Tipaleni pang'ono ndi kampeni, kenaka musalaze ndi sandipepa wa 600 woviika m'madzi, n'kutsiriza ndi wa 1000. Tsukani bodi ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, muitsukuluze bwino, iume yokha. Kuyambira pamenepa musaigwirenso ndi zala, chifukwa mafuta a pakhungu amakaniza penti. Pindani waya wa hang'ala, muumatirire ndi tepi m'kati mwa bodi kuti mukhale ndi chogwirira.

2. Poperani pulayima

Penti yofiira ndi yachikasu zimaonetsa mtundu wa pansi pake. Mukazipopera pa pulayima wotuwa zimatuluka zothimbirira, choncho gwiritsani ntchito woyera. Poperani wochepa, bodi igone usiku umodzi, kenaka muiyang'ane pa kuwala kobwera cham'mbali. Pamene pali kadzenje kapena kokanda, konzani tsopano. Pukutani pulayimayo mofatsa ndi sandipepa wa 1000 mpaka chala chizitsetsereka.

3. Konzani malo

Enamelo imakhala yomata kwa maola angapo, ndipo fumbi lonse loyandama m'chipinda limaipeza. Kolopani pansi ndi kusiya ponyowa, makamaka m'miyezi ya fumbi ya Seputembala ndi Okutobala. Musavale juzi yaubweya. Konzeranitu bokosi loyera lapulasitiki loonekera m'kati loti muvundikirire bodi mukangomaliza. Tsegulani mawindo kuti mpweya uzilowa ndi kutuluka, ndipo pasakhale mbaula, kandulo kapena ndudu pafupi, pakuti nthunzi ya thina imagwira moto msanga. Tsiku la mvula kapena la chiperoni si lopoperera: chinyezi chimachita madzi mupaipi ndipo penti imachedwa kuuma koposa. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, imikani kabotolo ka penti m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo kuti iziyenda bwino.

4. Takasani ndi kusungunula

Kukhutchumula chitini sikukwanira. Tsegulani, mulowetse kamtengo mpaka pansi, mupeza zolimba zitakhazikika. Takasani kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka zonse zisakanikirane. Sakanizirani m'kabotolo kagalasi, osati m'kakapu ka airbrush, ndipo yambani ndi muyezo umodzi wa penti pa muyezo umodzi wa thina. Dontheza dontho m'mbali mwa kabotolo: likatsika msanga n'kusiya mzere wopyapyala wa mtundu wake, zili bwino. Likamazengereza onjezani thina, likatsika osasiya mtundu onjezani penti. Sefani ndi kansalu ka nayiloni kuti tizikhungu touma ta m'mphepete mwa chitini tisatseke kamphuno.

5. Yambani ndi penti yopyapyala

Ikani geji pakati pa 15 ndi 20 psi, ndipo yeserani kaye kumbuyo kwa sipuni. Pa bodi yambani ndi malo obisika: m'munsi, m'mphepete mwa mawindo, mozungulira matayala. Kenaka imikani airbrush pa mtunda wa masentimita 12 mpaka 15, muwaze penti yochepa kwambiri thupi lonse. Pulayima azionekabe, ndipo bodi ioneka yosakongola. Musade nkhawa, ntchito ya penti yoyambayi ndi kupanga pogwira ya pamwamba. Dikirani mphindi 10 kapena 15, mubwerezenso kamodzi kapena kawiri mpaka mtundu ufanane paliponse.

6. Poperani yonyowa

Apa ndiye pagona luso lonse. Sendezani airbrush kufika masentimita 7 mpaka 10, mukokere batani m'mbuyo mowonjezera, ndipo dzanja liyende pang'onopang'ono koma osaima. Tsindikani mpweya choyamba, penti pambuyo. Yambirani kunja kwa bodi n'kutsirizira kunja kwa mbali inayo, chifukwa poyambira ndi poimira ndi pamene penti imalavulika. Mzere uliwonse uphimbe theka la mzere unzake. Yendetsani mkono wonse, osati kupinda dzanja lokha, kuti mtunda usasinthe.

Ikani nyale pamalo poti muziona kuwala kwake pa bodi. Poyamba kuwalako kumaoneka kobalalika, ndipo timadontho ta penti timaoneka patokhapatokha. Mukapitiriza, timadonthoto timagwirana n'kukhala chinthu chimodzi chonyowa, ndipo chithunzi cha nyale chimaoneka bwinobwino pa chitseko kapena pa boneti. Pamenepo lekani. Mukaonjezera mzere umodzi wokha, penti iyamba kuyenderera m'mbali. Malizani mbali imodzi musanapite kwina, denga ndi boneti zikhale zomaliza, kenaka vundikirani bodi nthawi yomweyo, n'kusiya kampata kakang'ono kolowera mpweya.

7. Dikirani

Enamelo siuma chifukwa chakuti thina wauluka basi. Imalimba pang'onopang'ono ikamasakanikirana ndi okosijeni wa mumpweya, kuyambira pamwamba kupita pansi. Pakatha maola asanu ndi limodzi pamwamba pamaoneka pouma, koma m'kati mukadali mofewa, ndipo chala chikagwira chimasiya chidindo chosachoka. Ngati pakufunika yonyowa yachiwiri, dikirani maola osachepera 24, chifukwa thina watsopano akafika pa penti yosakhwima imachita makwinya. Musanapukute kapena kumata tepi, ipatseni sabata yathunthu. Nunkhizani bodi: ikamamvekabe fungo la penti, sinakhwime. Musaiyanike padzuwa lamasana, pulasitiki ingapindike. Yoyera musaitsekere mumdima, chifukwa enamelo yoyera ikauma mumdima imapendekera ku chikasu.

8. Pukutani ndi kumata zizindikiro

Penti ikakhwima, chotsani tifumbi totsalira ndi sandipepa wa 2000 wonyowa, mopepuka, mukuzemba m'makona momwe penti imakhala yopyapyala. Bwezeretsani kuwala ndi polishi wosalala wa magalimoto pa kansalu kofewa ka thonje. Zizindikiro zoviika m'madzi zimamata bwino pa penti yonyezimira chifukwa pansi pake sipatsalira mpweya. Vanishi wa thinazi musamupopere pamwamba pa enamelo, amaitukusira. Mukafuna kudetsa timizere ta zitseko ndi enamelo yosungunula kwambiri, yambani mwatchinjiriza bodi ndi vanishi wa akiriliki, apo ayi thina adya penti yanu.

Zikavuta

Pamwamba pakatuluka pokhakhala ngati khungu la lalanje, penti inali yokhuthala, kapena munaima patali mwakuti inafika itayamba kale kuuma. Ikayenderera, musaipukute ikadali yonyowa. Isiyeni ikhwime, musalaze ndi wa 1000, mupoperenso. Timaenje tozungulira timene penti ikuthawa timasonyeza mafuta pa pulasitiki. Airbrush ikamalavula madontho akuluakulu, onani ngati penti yauma pansonga ya singano kapena ngati m'kasefa mwadzaza madzi.

Tsukani airbrush musanapume

Khuthulani penti yotsala, muthire tepentaini m'kakapu, mupopere m'chitini chotseka mpaka azituluka woyera. Solani singano mosamala, muipukute kuchokera kumbuyo kupita kunsonga, chifukwa nsonga ikapindika penti imapita cham'mbali. Nsanza zonyowa ndi thina ziyanikeni panja zotambasula musanazitaye.

Ngati ndi koyamba, musayambire pa bodi. Tengani masipuni asanu, muwapake pulayima, muwapopere penti pa miyezo yosiyanasiyana, mulembe pa chogwirira chilichonse muyezo wa thina, mpweya ndi mtunda umene mwagwiritsa ntchito. Pakatha sabata muwayerekeze pa kuwala. Sipuni imene yatuluka yosalala koposa ndiyo ikuuzeni muyezo woyenera airbrush yanu, penti yanu ndi nyengo ya kwanu, ndipo muyezo umenewo ndi umene mupite nawo pa galimoto.