Kuboola ndi kulimbitsa mapepala kuti asathothoke m'fayilo

Pepala likamathothoka m'fayilo siling'ambikira pakati. Limang'ambika pa kachigawo kakang'ono kamene kali pakati pa bowo ndi m'mphepete, ndipo kachigawo kameneka n'kochepa kuposa mmene ambiri timaganizira. Muyezo wa mayiko onse wotchedwa ISO 838 umati bowo likhale lotambalala mamilimita 6, pakati pa bowolo pakhale mamilimita 12 kuchokera m'mphepete mwa pepala, ndipo mabowo awiriwo atalikirane mamilimita 80. Mukachotsa theka la bowo pa 12 ija mutsala ndi 9. Ndiye kuti kalata yolembera munthu ntchito, invoisi, mgwirizano wa lendi, zonsezi zimalendewera pa mamilimita 9 okha a pepala. Timphete tolimbitsa mabowo, ngakhalenso makina amene amaboola n'kulimbitsa nthawi imodzi, ntchito yake n'kuteteza kachigawo kameneka. Koma zimathandiza pokhapokha bowo likakhala pamalo ake, choncho tiyambire kumeneko.

Yambani ndi kusankha. Si pepala lililonse loyenera kuboola. Satifiketi ya MSCE, chiphaso cha ukwati, chikalata cha malo, wilo, izi musaziboole ngakhale abwana atafulumira bwanji. Zilowetseni m'kathumba ka pulasitiki kokhala kale ndi mabowo, kapena boolani fotokope yake n'kusunga chenichenicho padera. Malisiti a m'sitolo ndi a pa ATM nawonso ndi ena: pepala lake limalembedwa ndi kutentha osati inki, ndipo limafufutika pakapita miyezi, makamaka likakhala pofunda kapena likakhudzana ndi selotepi. Lisiti lotere lichiteni fotokope pa pepala la A4, lenilenilo mulimangirire kumbuyo kwake, ndipo muboole fotokopeyo. Mapepala opyapyala a m'mabuku a malisiti, aja achikasu ndi apinki, amateni pa pepala lathunthu musanaboole, chifukwa paokha sachedwa kuduka.

Kenako yang'anani fayilo musanagwire choboolera. Zipangizo ziwirizi zinabadwa m'nthawi yoyandikana. Friedrich Soennecken wa ku Bonn m'dziko la Germany analembetsa choboolera mapepala chake pa 14 Novembala 1886, ndipo m'chaka cha 1896 Louis Leitz wa ku Stuttgart anatulutsa fayilo ija ya zitsulo ziwiri zopindika zotsegula ndi kachogwirira, imene yadzaza m'mashelefu a maofesi mpaka lero. Choboolera chinapangidwira fayilo, ndiye ziyenera kugwirizana. Kwathu kuno, monganso ku Ulaya, mabowo awiri otalikirana mamilimita 80 ndiwo afala. Ku America amagwiritsa ntchito mabowo atatu otalikirana mamilimita 108, pa pepala lalifupi ndi lotambalala pang'ono kuposa A4. Ku Sweden ali ndi mabowo anayi awoawo, awiri oyandikana kumtunda ndi awiri oyandikana kumunsi. Ofesi ikalandira mafayilo ochokera kunja, yesani kaye pepala limodzi. Musakakamize pepala la mabowo awiri pa zitsulo zosagwirizana nalo. Mukatero mwaling'amba kale musanatseke n'komwe.

Tsopano kupeza pakati. Choboolera chabwino chimakhala ndi kandodo kosuntha kolembedwa A4, A5 ndi miyezo ina. Kakokeni mpaka kakhazikike pa A4, ndipo muzikayang'ana nthawi iliyonse mukabwereka choboolera kwa mnzanu, poti kamasunthika mosavuta. Ngati kandodoka kanatayika, monga zimakhalira m'maofesi ambiri, pindani pepala pang'ono kumtunda kukumane ndi kumunsi, mutsine m'mphepete mokha kuti pakhale kachizindikiro, ndipo kachizindikiroko mukalunjikitse pa kamuvi kapena kamzere kamene kali pakati pa choboolera. Pepala la A4 ndi lalitali mamilimita 297, choncho pakati pake ndi pa 148.5, ndipo mabowo amagwera pa 108.5 ndi 188.5 kuchokera kumtunda. Simuyenera kuyeza ndi lula tsiku lililonse. Boolani bwino kachikatoni kamodzi ka msinkhu wa A4, mukasunge m'dirowa, ndipo muzikaika pamwamba pa mapepala ngati chitsanzo.

Chinthu chimene ambiri amalakwitsa n'kusakankhira pepala mpaka kumapeto kwa kamwa la choboolera. Pepala likapanda kufika kumapeto, bowo limayandikira m'mphepete, ndipo mamilimita 9 aja amasanduka 4 kapena 5. Bowo lotere ngakhale mulimatire kamphete, kamphetekonso kamatulukira kunja kwa pepala n'kumakola mapepala ena. Kankhirani mpaka mumve kuti lagunda. Yang'ananinso zolembedwa: ngati wotayipa sanasiye malo okwanira kumanzere, bowo lidya manambala. Polemba pa kompyuta siyani mamilimita 25 kumanzere, ndipo ngati mukusindikiza mbali zonse ziwiri, kumbukirani kuti kuseri kwa pepala mabowo amagwera kumanja. Pepala lobwera kale lodzaza mpaka m'mphepete lichiteni fotokope yochepetsa pang'ono, kapena lilowe m'kathumba ka pulasitiki.

Apa ndiye tafika pa kulimbitsa kwenikweni, ndipo njira zake zilipo zingapo.

Pali makina amene amachita zonse ziwiri mukangotsindika kamodzi. M'kati mwake mumakhala mpukutu wa tepi yomata. Mukatsitsa chogwirira, makinawo amadula kachigamba, kukamata pa pepala, kenako mano amaboola pepala ndi kachigambako pamodzi. Ubwino wake n'ngwakuti bowo la pepala ndi la chigamba zimalingana ndendende, zimene dzanja la munthu silikwanitsa nthawi zonse. Koma dziwani kuti kachigamba kamagwira pepala limodzi lokha, limene lakhudzana ndi tepi. Mukalowetsa mapepala khumi nthawi imodzi, asanu ndi anayi atuluka ongobooledwa. Lowetsani limodzilimodzi, tsindikani mpaka pansi osaimira panjira, ndipo dikirani chogwirira chibwerere musanakoke pepala, apo ayi chigamba chimakwinyika. Musanagule makina otere funsani wogulitsa ngati amasunganso mipukutu yake. Mpukutu ukatha n'kusowa wina, mwatsala ndi choboolera wamba chimene munachigula modula. Ine ndimaona kuti makina awa amayenera ofesi ya kaundula, ya maloya kapena ya akawunti, kumene mafayilo amatsegulidwa tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Ofesi yaing'ono ingachite bwino popanda iwo.

Njira yofala ndi ya timphete tomata, ta pepala kapena ta pulasitiki, togulitsidwa m'timapaketi. Ta pulasitiki n'tolimba kuposa ta pepala, ndipo toonekera mkati sitibisa zolembedwa. Apa mumayamba mwaboola. Goneketsani pepala pa tebulo louma, chotsani kamphete ndi nsonga ya chikhadabo osagwira kumene kuli guluu, kalunjikitseni pa bowo, ndipo mukatsindike ndi chala mozungulira. Kamphete kakapendekeka n'kutseka mbali ina ya bowo, pepala limakakamira pa chitsulo potembenuza, ndipo lingang'ambike msanga kuposa lopanda kamphete. Kampani ya ku Japan ya Kokuyo imapanga kachipangizo kooneka ngati chidindo kamene kamathandiza kulunjikitsa timphete totere pa bowo, koma ndi dzanja lodekha mungathe popanda iko. Pepala wamba kamphete kamodzi kuseri n'kokwanira. Pepala lotembenuzidwa kawirikawiri, monga ndandanda ya zam'kati kapena mndandanda wa mitengo, matani mbali zonse ziwiri.

Timphete tikasowa, chitani zimene makina aja amachita: limbitsani kaye, kuboola pambuyo. Dulani kamzere ka pepala lolimba, monga la envulopu ya khaki kapena manila, kotambalala mamilimita 20 kapena 25, mukamate ndi guluu wa mapepala kuseri m'mphepete mwa kumanzere. Dikirani kaume, ndiye muboole zonse pamodzi. N'chimodzimodzi telala akamaika kansalu kena pamene padzakhale bowo la batani. Ambiri amathamangira selotepi, ndipo pa mapepala a chaka chimodzi kapena ziwiri palibe vuto. Koma selotepi ikakalamba imasanduka yachikasu, pulasitiki yake imasupuka, guluu wake n'kulowerera m'pepala kusiya banga losachoka. Pa mapepala oyenera kukhala zaka khumi kapena kuposa, monga mafayilo a antchito ndi a penshoni, musaigwiritse ntchito. Komanso guluu wa selotepi amatsalira pa mano a choboolera n'kumachititsa kuti azikakamira.

Si pepala lililonse loyenera kulimbitsa. Timphete tiwiri pa pepala lililonse timakhuthalitsa mbali ya kumsana, fayilo n'kumadzaza mbali imodzi pamene mbali ina ili yopwepwa, n'kuyamba kukana kutsekeka. Amene amavutika kwambiri ndi mapepala oyambirira ndi omalizira, olekanitsa zigawo, ndi aja amene aliyense amawafuna. Limbitsani amenewo. Kuika kachikatoni kobooledwa pamwamba ndi pansi pa mulu wa mapepala kumateteza ambiri nthawi imodzi.

M'maofesi a boma mukadali mafayilo a chikuto cha manila omangidwa ndi kachingwe kokhala ndi tizitsulo kunsonga zonse ziwiri, kachitidwe kamene tinatengera kwa Angerezi. Apa bowo limakhala limodzi, pa ngodya ya kumtunda kumanzere, ndipo mphamvu yonse ya kutembenuza imathera pamenepo. Bowo limeneli lilowetseni m'kati ndithu, pafupifupi mamilimita 20 kuchokera kumtunda ndi kumbali komwe, ndipo musaboole ndi nsonga ya bolopeni kapena kachitsulo ka chingwecho. Bowo long'ambidwa limakhala ndi timing'alu m'mbali, ndipo kung'ambika kumayambira m'timing'alu timeneto. Bowo lodulidwa bwino ndi lozungulira, lopanda poyambira.

Za chiwerengero cha mapepala: choboolera chilichonse chili ndi malire ake, kawirikawiri olembedwa pa bokosi kapena pansi pake. Zazing'ono zimatha mapepala 10, za pa desiki 20 kapena 30, zazikulu za chogwirira chachitali zimapitirira 60. Manambala amenewa amawerengera pepala wamba la magalamu 80, ndiye pa manila kapena pepala lomatidwa chigamba chepetsani. Mukadzaza kwambiri, mano amakankha m'malo modula, mabowo a mapepala apansi amatuluka ophwanyika, ndipo nthawi zina chogwirira chimapindika. Kuponda choboolera ndi phazi, monga ena amachitira ntchito ikachuluka kumapeto kwa mwezi, ndiyo njira yachidule yochiphera. Gawani muluwo pawiri. Chotsaninso mapini a sitepula amene ali pafupi ndi m'mphepete. Dzino likaluma pini kamodzi kokha limabenthuka, ndipo kuyambira pamenepo bowo lililonse lizituluka ndi kachidutswa kolendewera.

Kulowetsa m'fayilo kulinso ndi luso lake. Pepala limodzi la A4 la magalamu 80 limalemera magalamu 5, ndiye mapepala 500 ndi makilogalamu awiri ndi theka. Fayilo ikaimikidwa pa shelefu, kulemera konseku kumakokera pansi. Kachitsulo kapena kapulasitiki kaja kolowetsa pa zitsulo ziwiri n'kupanikiza mapepala, kamene ambiri amakataya poganiza kuti n'kokongoletsa, ndiko kamagwira muluwo kuti usalendewere pa mabowo. Mukamaliza kulowetsa mapepala, katsitseni mpaka kagunde ndipo mukatseke. Yang'ananinso pamene zitsulo zopindika zimakumana ndi zoongoka. Ngati nsonga zake zaphonyana kapena pali mpata, pepala lililonse lodutsa pamenepo limakodwa. Nthawi zina mungaziwongole ndi pulayala, koma zikakanika sinthani fayilo, chifukwa palibe kamphete kangapirire kukodwa tsiku ndi tsiku. Potembenuza mapepala ambiri, agwireni pafupi ndi zitsulo n'kuwakweza motsatira kupindika kwake, osati kuwakoka ndi ngodya yakunja.

Bowo likang'ambika kale, musaboole lina pambali pake. Pepala lidzakhala lopendekeka ndipo m'mphepete mudzafooka kwambiri. Tulutsani pepalalo, bwezeretsani mbali zong'ambikazo pamalo ake, matani kamphete kutsogolo ndi kena kuseri kuti tigwirane pamene panang'ambika. Ngati m'mphepete monse mwadyeka, matani kamzere ka manila kuchokera kumtunda mpaka kumunsi, kenako muboole mwatsopano ndi kachikatoni kachitsanzo kaja.

Nyengo ya dzinja imavutitsa zonsezi. Chinyezi chimafewetsa pepala, chimasupula timphete, ndipo chimachititsa dzimbiri pa zitsulo za fayilo, dzimbirilo n'kudya m'mbali mwa mabowo. Mafayilo asagone pa simenti kapena kutsamira khoma lonyowa, kumenenso chiswe chimadzera. Timphete tosagwiritsidwa ntchito tisungeni m'paketi yotseka, kutali ndi dzuwa la pa windo, poti guluu wake amauma.

Choboolera nachonso chimafuna kusamalidwa. Tsegulani kachivindikiro ka pansi n'kutaya tizidutswa tisanadzaze, chifukwa tikathinana mano satsika mpaka kumapeto. Mano akayamba kukakamira, pakani kandulo pa pepala losafunika n'kuliboola kangapo, kapena donthezani kadontho ka mafuta a makina osokera pa dzino lililonse ndi pa sipuling'i. Mukatero boolani mapepala otayidwa mpaka mafuta asiye kuoneka, musanayandikize kalata ya ofesi. Guluu wa tepi wotsalira pa mano amachoka ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti. Pa zoboolera zazikulu mano ndi timbale ta pulasitiki timene amaponda zimasinthika, ndiye funsani kositolo musanataye chonsecho. Pa zazing'ono, dzino likabenthuka palibe chokonza; gulani china, ndipo posankha tengani chokhala ndi kandodo koyezera kokhoma bwino pa A4.