Kuweta Nanzikambe ndi Tiana ta Nkhasi Pakhomo

Nanzikambe kapena kamwana ka nkhasi kakadwala sikalira, ndipo sikaonetsa msanga. Kamafooka pang'onopang'ono kwa miyezi, mwini wake n'kumati kali bwino, mpaka tsiku lomwe nanzikambe walephera kugwira nthambi kapena chigoba cha nkhasi chayamba kubonyoka mukachisindikiza ndi chala. Gwero lake kawirikawiri limakhala kusowa kwa dzuwa, kuperewera kwa kashiyamu m'thupi ndi madzi operekedwa molakwika. Zonsezi n'zopeweka, ndipo n'zimene kapepala kano kakufotokoza.

Musanabwere nako kunyumba

Ananzikambe ogulitsidwa m'masitolo a ziweto ku Johannesburg kapena ku London ambiri ndi a mtundu wa veiled, wochokera ku Yemen ndi Saudi Arabia, kapena wa panther wa ku Madagascar. Gulani woswedwera m'khola. Wogwidwa kutchire amabwera ndi njoka za m'mimba ndiponso mantha, ndipo sakhalitsa. Malonda a ananzikambe odutsa malire a mayiko amayendetsedwa ndi pangano la CITES, choncho funsani mapepala ake. Ku Malawi, musanasunge nyama yakutchire iliyonse kaonaneni ndi dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Ku South Africa chilolezo chimaperekedwa ndi boma la chigawo chomwe mukukhala. Ku Malawi tili ndi mitundu yosapezeka kwina kulikonse, monga kananzikambe kakang'ono ka Chapman ka m'nkhalango ya Malawi Hills ku Nsanje, komwe katsala pang'ono kutheratu chifukwa nkhalangoyo yadulidwa kwambiri. Koteroko si kotola.

Ambiri tinakula tikumuopa nanzikambe. Alibe ululu. Mukamupanikiza amatukumuka, kutsegula kukamwa, mwinanso kuluma, koma n'kudziteteza chabe.

Khola la nanzikambe

Nanzikambe ndi wa m'mitengo, choncho khola lake likhale loimirira. Veiled wamkulu amafuna la masentimita 60 m'lifupi, 60 m'litali ndi 120 kukwera m'mwamba, lotchingidwa ndi waya wa sefa kuti mpweya uzidutsa. Thanki yagalasi yotsekedwa imasunga chinyontho ndipo imabweretsa matenda a m'mapapo. Ikanimo nthambi zopingasa ndi chomera chamasamba ambiri monga hibiscus kuti azibisalamo. M'khola limodzi mukhale nanzikambe mmodzi. Awiri amaopsezana mpaka wofookayo amasiya kudya. Samakondanso kugwidwagwidwa, ndiye ana auzidwe kuti uyu ndi woonera ndi maso.

Nkhani ya madzi ndi imene imapha ambiri. Nanzikambe nthawi zambiri sazindikira madzi a m'mbale, ndipo akhoza kufa ndi ludzu mbale ili yodzaza pambali pake. Kutchire amanyambita mame ndi madontho a mvula pamasamba. Poperani masamba ndi madzi oyera m'mawa ndi madzulo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka ikani pamwamba pa khola botolo loboola pang'ono pansi kuti lizidonthezera pa tsamba. Kuti mudziwe ngati akumwa, yang'anani chimbudzi chake. Mbali ina imakhala yoyera ngati choko. Ikayamba kuoneka yachikasu kwambiri kapena ngati lalanje, maso n'kulowa m'kati, thupi lauma.

Wamkazi amaikira mazira ngakhale asanakumane ndi wamwamuna. Muikireni chidebe cha mchenga wonyowa pang'ono, wozama masentimita 25 kapena 30. Akasowa pokumba, mazira amamukanirira m'mimba ndipo nanzikambeyo akhoza kufa.

Dzuwa ndi kashiyamu

Apa nanzikambe ndi nkhasi n'chimodzimodzi. M'kuwala kwa dzuwa muli cheza chotchedwa UVB. Chikafika pakhungu, thupi limapanga vitamini D3, ndipo vitamini ameneyu ndi amene amathandiza kuti kashiyamu wa m'chakudya alowe m'magazi n'kukalimbitsa mafupa. Popanda UVB, thupi limayamba kutapa kashiyamu m'mafupa ake omwe. Miyendo ya nanzikambe imapindika, nsagwada zimafewa, lilime lija lomwe limaponyedwa kutali kuposa utali wa thupi lake limalephera kufika pa chiwala. Kwa nkhasi chigoba chimafewa n'kukula mokhota. Fupa likapindika siliwongokanso, ngakhale matendawo atachizidwa.

Dziwani kuti UVB sadutsa pa galasi la zenera. Kuika khola pazenera lotseka sikuthandiza kanthu, kumangowotcha chiweto. Kuno kwathu dzuwa ndi lambiri, ndiye tulutsani khola panja m'mawa kwa ola limodzi kapena awiri masiku angapo pa sabata, theka lake lili pamthunzi, inu muli pafupi kuopa amphaka ndi akhwangwala. Thanki yagalasi musaiike padzuwa. Okhala ku Britain ndi kwina kozizira agule babu la UVB lalitali, liziyaka maola 12 pa tsiku, ndipo lisinthidwe pakatha miyezi 6 mpaka 12 malinga ndi mtundu wake, chifukwa limapitiriza kuwala cheza chija chitatha kale. Pambali pake pakhale babu lotenthetsa malo othera, pafike madigiri 29 mpaka 32. Usiku zonse zizimitsidwe.

Nanzikambe amadya tizilombo tamoyo: ziwala, nkhululu zazing'ono, ngumbi, mphemvu zoweta. Kachilomboko kasakule kuposa mpata wa pakati pa maso ake. Yambani mwakadyetsa masamba a mpiru, karoti kapena dzungu tsiku limodzi, kenaka kawazeni ufa wa kashiyamu musanakapereke. Ufawu ukasowa, wiritsani makoko a mazira, muwaumitse ndi kuwasinja mpaka asalale. Musamupatse nunkhadala kapena ziphaniphani poti zili ndi poizoni, ndipo musagwire ziwala m'munda wopoperedwa mankhwala.

Tiana ta nkhasi

Kankhasi kogulitsidwa kwambiri padziko lonse ndi red-eared slider, ka mzere wofiira kuseri kwa diso, kochokera ku chigwa cha mtsinje wa Mississippi ku America. Pogula kamakhala kochepa kokwana pachikhatho cha mwana, koma yaikazi imakula kufika masentimita 25 mpaka 30 ndipo imatha zaka zoposa 20. Ganizirani zimenezi musanapereke ndalama. Mayiko a European Union analetsa kuitanitsa nkhasi imeneyi mu 1997, ndipo ku South Africa ili m'gulu la zamoyo zobwera zoononga chilengedwe. Ikakukulirani musakaitaye mumtsinje kapena m'dambo, ingakalande chakudya ndi malo a nkhasi zathu.

Kamwana kamafuna madzi ofunda a madigiri 26 mpaka 28, ozama mokwanira kuti kakagwa chagada kathe kudzitembenuza, ndi mwala kapena thabwa lotsetsereka lokwerapo kuti kaume thupi lonse pothera. Kuno kwathu m'miyezi ya June ndi July madzi amazizira kwambiri usiku, ndipo kankhasi kozizidwa kamasiya kudya. Gulani chotenthetsera madzi cha m'thanki. Magetsi akazima, funditsani thankiyo bulangete.

Nkhasi imadyera ndi kuchitira chimbudzi m'madzi omwewo, choncho amaipa msanga. Chotsani zotsala ikangomaliza kudya, ndipo ngati mulibe makina osefera, sinthani madzi tsiku lililonse kapena modumphitsa tsiku. Kamwana kazidya kamodzi pa tsiku, chakudya chofanana kukula ndi mutu wake: chogula cha nkhasi, nyongolotsi, tinsomba tatiwisi topanda mchere, ndi timasamba tobiriwira. Nsima ndi buledi ayi.

Nkhasi ndi ananzikambe amanyamula tizilombo ta salmonella, toyambitsa kutsekula m'mimba ndi kutentha thupi, ngakhale akuoneka athanzi. N'chifukwa chake mu 1975 dziko la America linaletsa kugulitsa nkhasi za chigoba chosafika masentimita 10, zomwe ana ankaika kukamwa. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira chiweto kapena madzi ake, musatsukire thanki pomwe mumatsukira mbale, ndipo ana osafika zaka zisanu asagwire.

Pitani kwa dotolo wa ziweto tsiku lomwelo ngati nanzikambe akutsinzina masana, akugwa m'nthambi kapena wakhala wakuda masiku angapo, komanso ngati nkhasi yatupa maso, ikutuluka thovu m'mphuno kapena ikusambira chopendekeka.